Masiki a Pulasitiki Opangidwa ndi Makina a 3D: Amateteza Chiyani, Nanga Ayenera Kulipira Ndani?

Awa ndi mawu amene mmodzi mwa ofufuza za ufulu wa apantchito adayankhula pamsonkhano wa anthu ogwira ntchito m'nyumba ndi m'mafamu.

 Ndikudziwa kuti kwa ambiri a inu ili ndi tsiku lokhalo lochapa, lopembedza ndi loimbira foni kumudzi, choncho ndilunjika pa nkhani imene mwandiitanira.

Ndapemphedwa kukamba za masiki a pulasitiki opangidwa ndi makina otchedwa 3D printer, masiki amene akuti munthu akhoza kuwatsuka n'kuwavalanso kambirimbiri. Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa makinawa adatsika mtengo, moti lero amapezeka m'masukulu, m'malaibulale a mayunivesite, m'timashopu ta m'tauni, ngakhale m'garaja ya abwana. Ikutikhudzanso chifukwa munthu amene akupopera mankhwala m'munda wa mphesa, kapena amene akutsuka bafa ndi mankhwala oluma m'maso, amafunitsitsa choti avale kumaso, ndipo akapatsidwa chigoba cholimba chooneka ngati cha asilikali mtima wake umakhala pansi. Mfundo imene ndabwera nayo ndi imodzi. Makinawa amaumba chigoba chokha. Mapapo a munthu amatetezedwa ndi sefa yoyenera ndiponso ndi masiki yogwira bwino pankhope, ndipo lamulo limati zimenezi azipereka ndi wolemba ntchito, popanda kudula wantchito ngakhale senti imodzi.

Mmene makinawa amaumbira chinthu

Amene mudaonapo mayi akuumba mtsuko simuvutika kumvetsa. Woumba amapota dothi ngati chingwe, n'kumalisanjikiza mozungulira, mzere pamwamba pa unzake, mpaka mtsuko utaima. Makinawa amachitanso chimodzimodzi, kungoti dothi lawo ndi pulasitiki. Pulasitikiyo amagulidwa atakulungidwa ngati ulusi wa makina osokera, kawirikawiri mpukutu wa kilogalamu imodzi, ndipo ulusiwo ndi wokhuthala mamilimita 1.75. Makina amaukoka ulusiwo, amausungunula pa moto wa madigiri pafupifupi 200, kenako amautulutsira pa kabowo kakang'ono ka mamilimita 0.4, n'kumayala mizere yopyapyala. Mzere uliwonse umakhala wokhuthala pafupifupi mamilimita 0.2, kutanthauza kuti pamafunika mizere isanu kuti chinthucho chikwere milimita imodzi. N'chifukwa chake chigoba chimodzi cha masiki chimatenga maola angapo. Maonekedwe a chinthucho amachokera pa chithunzi chojambulidwa pa kompyuta, ndipo zithunzi zambiri za masiki zimapezeka mwaulere pa intaneti.

Pulasitiki amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi wa mtundu wa PLA, wopangidwa kuchokera ku chimanga kapena nzimbe. Ndi wotsika mtengo ndiponso wosavuta kuumba, koma amayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 60. Wa mtundu wa PETG amapirira mpaka pafupifupi madigiri 80, pamene wa TPU ndi wofewa ngati labala. Musunge manambalawa, pakuti tibwereranso kwa iwo pokamba za katsukidwe.

Kumene nkhaniyi idayambira

Masiki amenewa adatchuka m'chaka cha 2020. Pa 11 Malichi chaka chimenecho bungwe la WHO lidalengeza kuti Covid-19 ndi mliri wa dziko lonse, ndipo pa 27 Malichi dziko la South Africa lidatsekera anthu m'nyumba. Zipatala zidasowa zovala zodzitetezera. Anthu amene adali ndi makinawa adadzipereka, ndipo tiyenera kuwalemekeza. Ku Italy, kampani yaing'ono ya Isinnova ya mumzinda wa Brescia idaumba tizipangizo ta makina othandiza odwala kupuma pamene chipatala cha ku Chiari chidatheredwa. Ku Prague, kampani ya Prusa Research idajambula chishango cha kumaso n'kupereka chithunzicho kwa aliyense mwaulere. Ku Chile kudatuluka masiki yotchedwa NanoHack, ku America kudatuluka Montana Mask. M'chigawo chathu chino, laibulale ya University of Pretoria idaumba timikombero ta zishango za ogwira ntchito zachipatala, ndipo ku Blantyre kampani ya iMoSyS idaumba masiki ndi zishango pa makina omwewa.

Komabe m'mwezi womwewo wa Malichi, bungwe la FDA, limene limayang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, lidachenjeza kuti chovala choumbidwa motere chikhoza kutchinga nkhope, koma n'zokayikitsa kuti chingasefe mpweya monga momwe imachitira masiki yovomerezeka ya N95. Masikiwa adali a nthawi ya njala, pamene munthu amadya chilichonse chimene wapeza. Mliri udadutsa, lamulo lokakamiza kuvala masiki ku South Africa lidachotsedwa mu Juni 2022, masitolo adadzazanso masiki ovomerezeka, koma makina ndi zithunzi zija zidatsala. Choopsa n'chakuti chinthu chimene chidapangidwira tsiku la ngozi chikhoza kuperekedwa kwa wantchito ngati chovala cha masiku onse, pa ntchito imene sichidapangidwire n'komwe.

Zofooka zitatu

Chofooka choyamba ndi sefa. Pulasitiki wolimba salola mpweya kudutsa, choncho chigoba chilichonse chimakhala ndi kazenera koikapo kansalu kosefera. Chitetezo chonse chagona pa kansaluko. Masiki ya N95 idapatsidwa dzina limeneli chifukwa imagwira tinthu 95 mwa 100 tiliwonse ta msinkhu wa mamayikiloni 0.3, pamene tsitsi limodzi la munthu ndi lokhuthala mamayikiloni 50 mpaka 100. Pa muyeso wa ku Ulaya, umenenso South Africa imatsatira, FFP1 imagwira tinthu 80, FFP2 imagwira 94, ndipo FFP3 imagwira 99 mwa 100. Nsalu yake si nsalu wamba. Imapangidwa m'fakitale pouzira pulasitiki wosungunuka ndi mpweya wotentha mpaka asanduke ulusi wosaoneka ndi maso, kenako imapatsidwa mphamvu ya magetsi yokoka tinthu, monga momwe chipeso chimakokera tizidutswa ta pepala mukachikwecha pamutu. Njira yoikira mphamvu imeneyi adaikonza ndi Peter Tsai wa ku University of Tennessee. Makina a kunyumba sangapange nsalu yotereyi. Mukaika pa kazenera kaja chidutswa cha chitenje, thonje kapena pepala losefera khofi, mwavala chigoba cholemera chimene chikusefa mofanana ndi chitenje. Ndipo ngakhale mutaikapo chidutswa cha N95 yeniyeni, mukachinyowetsa ndi sopo kapena spiriti mphamvu yokoka ija imatha.

Chofooka chachiwiri ndi kagwiridwe ka pankhope. Mpweya uli ngati madzi a mvula: umatsata posavuta. Masiki ya N95 imapumira thupi lake lonse, pamene chigoba cha pulasitiki chimapumira pa kazenera kochepera chikhatho cha dzanja. Sefa ikachepa kupuma kumalimba, ndipo kupuma kukalimba mpweya umafuna njira ina, n'kulowera m'mbali mwa mphuno ndi pansi pa chibwano osasefedwa. Munthu wokhala pansi amapuma malita pafupifupi 6 a mpweya pamphindi, koma wosenza sipuleya kumsana n'kumakwera chitunda amapuma kuwirikiza kangapo. Poganizira zimenezi, N95 imayesedwa ndi mpweya wothamanga malita 85 pamphindi. Nkhope zathunso n'zosiyana. Chigoba chojambulidwa poyang'ana nkhope ya munthu wa ku Montana sichingagwire chimodzimodzi pa nkhope ya mayi wa ku Mangochi. Ojambula ena amalangiza kuviika chigobacho m'madzi otentha kuti chifewe n'kuchikanikiza pankhope, kenako kumata labala m'mphepete. Zimathandiza pang'ono, koma pulasitiki wolimba satsatira nsagwada pamene munthu akuyankhula, kuwerama kapena kutuluka thukuta. Abambo a ndevu, dziwani kuti ndevu zimatsegula mpata pa masiki ya mtundu uliwonse, ngakhale yodula.

Chofooka chachitatu ndi katsukidwe. Mtsuko wa dothi umachita thukuta chifukwa uli ndi timabowo tosaoneka. Chinthu choumbidwa m'mizere chilinso ndi timipata pakati pa mzere ndi mzere. M'menemo mumabisala thukuta, malovu, tizilombo toyambitsa matenda ndi zotsalira za mankhwala, ndipo burashi safikamo. Mukati muchiphike kuti tizilombo tife, kumbukirani kuti madzi amawira pa madigiri 100 pamene PLA amafewa pa 60, chigobacho chimapindika. Mukachiiwala m'galimoto yotseka kapena pa denga la malata mwezi wa Januwale chimapindikanso, mwina pang'ono moti diso silingaone, koma mokwanira kutsegula mpata. Akuluakulu adati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere.

Adani a mapapo sali a mtundu umodzi

Pano ndi pamene ndikupempha kuti mutchere khutu kwambiri, chifukwa ndi pamene anthu amavulalira. Zinthu zimene timapuma pa ntchito zili m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi tinthu: fumbi la m'munda, la tirigu, la fodya, la m'khola la nkhuku, utsi, nkhungu ya pakhoma, ndi timadontho tonyamula majeremusi a chifuwa chachikulu kapena chimfine. Tinthu timagwidwa ndi sefa ya nsalu ija. Gulu lachiwiri ndi nthunzi ndi mpweya wapoizoni. Izi zimadutsa pa nsalu ya N95 monga momwe fungo la nsomba limadutsira pa thumba la chiguduli. Zimagwidwa ndi makala okonzedwa mwapadera, amene amaikidwa m'tizitini tomangirira pa masiki ya labala.

Tizitiniti tili ndi zilembo ndi mitundu, ndipo wantchito aliyense wa pa famu ayenera kuzidziwa monga adziwira mitundu ya ndalama. Chilembo A, mtundu wa bulauni, ndi cha nthunzi ya mankhwala ambiri opopera ndi penti. Chilembo B, mtundu wotuwa, ndi cha mpweya monga klorini. Chilembo E, chachikasu, ndi cha mpweya wa asidi. Chilembo K, chobiriwira, ndi cha amoniya, amene amatsamwitsa m'makola a nkhuku ndi nkhumba. Chilembo P, choyera, ndi cha tinthu. Wopopera mankhwala nthawi zambiri amafunika A ndi P pamodzi, monga kachitini kolembedwa A2P3, chifukwa mankhwala opopera amatuluka ngati timadontho ndiponso ngati nthunzi. Chimene chimalamula ndi pepala lomatidwa pa chigubu cha mankhwalawo: limanena zoyenera kuvala ndi nthawi yodikira musanalowenso m'munda wopoperedwa. Makala akakhuta amasiya kugwira. Mukamva fungo kapena kukoma kwa mankhwala m'kati mwa masiki, tulukani m'mundamo ndipo kachitiniko kasinthidwe. Musadalire mphuno yokha, pakuti pali mankhwala ena amene sanunkha. Mukaweruka, tizitini tisungidwe m'thumba lotseka bwino, kutali ndi mosungira mankhwala, chifukwa makala amayamwa nthunzi ngakhale masiki ili pa msomali.

Chigoba choumbidwa kunyumba chokhala ndi kansalu sichigwira nthunzi ngakhale pang'ono. Choipa china n'chakuti chimachepetsa mantha. Munthu wopanda masiki akamva mankhwala akuluma amathawa, amaima kumene kukuchokera mphepo, amadandaula kwa kapitawo. Wovala chigoba chonama amakhalitsa m'menemo. Dziwaninso kuti pa ntchito ya kumunda mankhwala ambiri amalowa m'thupi kudzera pakhungu, makamaka m'manja posakaniza mankhwala ndi kumsana pamene sipuleya ikudontha. Masiki yabwino yopanda magolovesi, ovololo, jombo ndi madzi osamba ndi chitetezo chatheka. Mutu ukayamba kupweteka, thukuta ndi malovu zikachuluka, maso akachita chidima, mseru ukabwera, minofu ikayamba kunjenjemera kapena chifuwa chikathina mutagwira mankhwala, vulani zovalazo, sambani ndi sopo, ndipo pitani kuchipatala mutatenga chithunzi cha pepala la pa chigubu. Ku South Africa kuli nambala yothandiza pa za poizoni usana ndi usiku, 0861 555 777. Mapilitsi otetezera chimanga m'nkhokwe, amene amatulutsa mpweya wa phosphine akakumana ndi chinyezi, ndi akupha. Asagwiritsidwe ntchito m'nyumba yogonamo anthu, ndipo masiki iliyonse yopangidwa kunyumba ilibe ntchito pa iwo.

Amayi ogwira ntchito m'nyumba, nkhaniyi ndi yanunso. Jik akasakanikirana ndi mankhwala okhala ndi amoniya amatulutsa mpweya wowotcha mapapo. Akasakanikirana ndi viniga, mankhwala a asidi otsukira chimbudzi kapena asidi wa m'damu losambira amatulutsa klorini. M'bafa laling'ono lotseka zenera munthu akhoza kukomoka. Pamenepa mankhwala ake si masiki; musasakanize, tsegulani mazenera, ndipo werengani kapena funsani musanatsegule botolo lachilendo. Safunsa adadya phula. Koma ngati mukusamalira wodwala amene akutsokomola, makamaka wa chifuwa chachikulu, pemphani N95 kapena FFP2 yeniyeni, ndipo mpweya uziyenda m'chipindamo.

Zimene makinawa amachita bwino

Sindidabwere kudzanyoza makinawa. Pali achinyamata pakati pathu amene akuphunzira kuwagwiritsa ntchito, ndipo luso limeneli likhoza kuwadyetsa. Makinawa amachita bwino pa zinthu zimene ntchito yake si kusefa mpweya. Amaumba bwino mkombero wa chishango cha kumaso, umene umagwira pepala la pulasitiki loonekera. Chishango chimateteza maso ndi khungu ku madontho ogwa posakaniza mankhwala kapena potsuka uvuni, ngakhale sichiteteza mapapo. Amaumba kalamba kokolekapo zingwe za masiki kunkhongo kuti makutu asachite zilonda. Amaumbanso kamkombero kovala pamwamba pa masiki yachipatala kuti igwire bwino m'masaya, ndipo mu 2021 bungwe la CDC la ku America lidatchula timikombero totere pakati pa njira zothandiza kuti masiki igwire. Pali ndowe zokolekapo zovala za ntchito kunja kwa nyumba, timabokosi tosungira tizitini, ndi zigwiriro za zida zothyoka.

Ngakhale pa zishango, makinawa ndi ochedwa. Mu 2020 akatswiri a ku Wits University ku Johannesburg ataona kuti mkombero umodzi ukutenga nthawi yopitirira ola, adasankha kudula zishango pa mapepala a pulasitiki ndi makina a laser, n'kumatulutsa zambiri pa nthawi yochepa. Gulu limene likuganiza zosonkha ndalama zogulira makina kuti lizipangira mamembala ake masiki liyambe lawerengera: makina, ulusi, magetsi ozimazima, nthawi, ndipo pamapeto pake sefa yogula ndithu.

Ngati tsiku lina mliri utabweranso, masitolo n'kuuma, chigoba choumbidwa chikhoza kukhala chokhacho chimene muli nacho. Pamenepo chikhale cha munthu mmodzi, chosabwerekana. Kazenera kakhale kakakulu, sefa ikhale yodulidwa ku masiki yovomerezeka ndipo izisinthidwa ikanyowa kapena kuda. Chigobacho muzichitsuka ndi sopo m'madzi ofunda mutachotsa sefa, n'kuchiumitsa pamthunzi. Nthawi iliyonse mukavala, tsekani sefa ndi chikhatho n'kukoka mpweya pang'onopang'ono: masiki yogwira imamatirira pankhope, yosagwira mumamva mphepo ikulowera m'mbali. Kuyesa kumeneku n'koyenera pa masiki ya labala ya pa famu yomwe. Koma pa mankhwala opopera, pa utsi wapoizoni ndi pa fumbi la miyala, chigoba choterechi chisavalidwe.

Kodi lamulo likuti chiyani?

Nditchula kwambiri malamulo a South Africa chifukwa ambiri mwa inu mukugwira ntchito kumeneko. Lamulo la Occupational Health and Safety Act, nambala 85 la 1993, m'ndime 8 limati wolemba ntchito aonetsetse kuti malo a ntchito ndi osaopseza moyo ndi thanzi. Ndime yomweyo imati ayambe wayesetsa kuchotsa kapena kuchepetsa choopsacho asanathamangire ku zovala zodzitetezera. Kutanthauza kuti masiki ndi mpanda womaliza. Oyamba ndi kusintha mankhwala oopsa, kusapopera pamene anthu ali m'munda kapena mphepo ikuwomba, ndi kukonza masipuleya odontha. Ndime 13 imamukakamiza kukudziwitsani zoopsa za ntchito yanu. Ndime 17 imati pamalo pamene pali antchito opitirira 20 pakhale nthumwi zoona za chitetezo. Ndime 23 imaletsa kudula malipiro a wantchito chifukwa cha zinthu zimene lamulo likuti ziperekedwe pomuteteza. Ndime 26 imaletsa kuchotsa kapena kuzunza wantchito chifukwa wapereka uthenga kwa woyendera malo a ntchito. Malamulo a General Safety Regulations a 1986 amanena poyera kuti zovala zodzitetezera ziperekedwe mwaulere, ndipo a 2021 okhudza mankhwala oopsa amafuna kuti masiki ikhale yoyenerana ndi mankhwalawo. Masiki zotetezera mapapo zogulitsidwa m'dzikomo zimayenera kuvomerezedwa ndi bungwe la NRCS, ndipo pa FFP2 yeniyeni mumapeza dzina la wopanga ndi nambala ya muyeso, EN 149 kapena SANS 50149. Chigoba choumbidwa m'garaja chilibe zonsezi.

Ngakhale pa nthawi ya mliri boma silidasenzetse wantchito katunduyu: mu Epulo 2020 nduna ya za ntchito, a Thulas Nxesi, idalamula kuti wolemba ntchito apatse wantchito aliyense masiki a nsalu osachepera awiri mwaulere. Mfundo imeneyi si ya dziko limodzi. Pangano nambala 155 la bungwe la ILO, m'ndime 21, limati njira zotetezera moyo pa ntchito zisamudyere wantchito ndalama, ndipo South Africa, Zimbabwe, Zambia ndi Malawi adavomereza panganoli. Pangano nambala 189 la 2011, limene South Africa idavomereza mu 2013, limati wogwira ntchito m'nyumba ali ndi ufulu wogwira ntchito pamalo osaopseza thanzi lake.

Za chipepeso, kumbukirani dzina la mayi Maria Mahlangu, amene adamira m'damu losambira la abwana ake ku Pretoria mu 2012. Mwana wawo, Sylvia Mahlangu, atauzidwa kuti ogwira ntchito m'nyumba sawerengedwa pa lamulo la chipepeso la COIDA, adapita kukhoti pamodzi ndi bungwe la SADSAWU. Pa 19 Novembala 2020 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko lidagamula kuti kuwasiya kunja kudali kuphwanya malamulowo, ndipo chigamulocho chidabwerera m'mbuyo mpaka pa 27 Epulo 1994. Lero wovulala kapena wodwala chifukwa cha ntchito ya m'nyumba akhoza kupempha chipepeso monga wantchito wina aliyense.

Ndikudziwa funso limene lili m'mitima ya ena: nanga ine wopanda mapepala? Ndime 23 ya malamulo oyendetsera South Africa imapereka ufulu wa chilungamo pa ntchito kwa aliyense, osati kwa nzika zokha, ndipo ndime 27 imati munthu asabwezedwe pamene akufunika thandizo lachipatala mwadzidzidzi. Mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health ndi CCMA, khoti la za ntchito lidagamula kuti mlendo amene chilolezo chake chogwirira ntchito chatha akadali wantchito pamaso pa lamulo. Sindikunamizani kuti zimenezi zimathetsa mantha. Amene amagona m'nyumba ya pa famu amadziwa kuti ntchito ikatha pogona pathanso, ndipo wogwira ntchito m'nyumba amayankhula yekha ndi madamu, popanda mboni. N'chifukwa chake nkhani ya masiki isayambidwe ndi munthu mmodzi pamene zingatheke kuiyamba muli gulu. Mu Ogasiti 2019 amayi a m'mafamu, motsogozedwa ndi bungwe la Women on Farms Project la ku Stellenbosch, adayenda ulendo wopita ku nyumba ya malamulo ku Cape Town kukapempha kuti mankhwala 67 oletsedwa ku Ulaya aletsedwenso kuno. Ambiri mwa iwo adali antchito a nyengo yokolola, osatetezeka monga inu.

Zoti tichite tikachoka pano

Mukapatsidwa masiki pa ntchito, itembenuzeni muone zolembedwa. Ngati palibe dzina la wopanga ndi nambala ya muyeso, funsani mwaulemu kuti yavomerezedwa ndi ndani ndipo ikuteteza ku chiyani. Jambulani pa foni mapepala a pa zigubu zonse zimene mumagwira. Khalani ndi kabuku kolembamo tsiku, munda, dzina la mankhwala, chimene mudavala ndi mmene mudamvera m'thupi. Sungani mapepala a malipiro, makamaka ngati akuonetsa kuti adakudulani ndalama ya ovololo kapena masiki. Mukapita kuchipatala nenani ntchito imene mumagwira, ndipo pemphani kuti ilembedwe m'buku lanu. Thandizo mukhoza kulipeza ku ofesi ya za ntchito, ku CCMA, ndi ku mabungwe monga SADSAWU, Izwi Domestic Workers Alliance, CSAAWU, Casual Workers Advice Office, Scalabrini Centre ndi Lawyers for Human Rights.

Kabuku kaja kakuoneka kachabe, koma mbiri ya chigawo chathu ikutiphunzitsa kufunika kwake. Agogo ndi abambo athu adapita ku Joni pa Wenela ndi Teba, adapuma fumbi la miyala m'migodi ya golide, n'kubwerera kwawo akuoneka athanzi. Matenda a silicosis ndi chifuwa chachikulu adawapeza patapita zaka, ali ku Mzimba, ku Dedza, ku Tete, kutali ndi amene adawalemba ntchito. Mpaka mu 2019 ndi pamene khoti la ku Johannesburg lidavomereza mgwirizano wa ndalama zokwana R5 biliyoni zowapepesera, zimene zikuperekedwa kudzera ku Tshiamiso Trust, ndipo ambiri adali atamwalira kale. Mabanja otsala akuvutika kupeza mapepala otsimikizira kuti munthu wawo adagwira ntchito mgodi uti ndi zaka ziti. Matenda a mapapo ndi a mankhwala a m'munda amachedwa kuonekera chimodzimodzi, ndipo wobwera amadwalira kwawo.

Choncho, amayi ndi abambo, achinyamata athu aphunzire makinawa, aumbe zishango, timalamba ndi zigwiriro, ndipo tiwagule. Koma pa mapapo athu tipemphe chimene lamulo lidatipatsa kale: masiki yovomerezeka, ya mtundu woyenera ntchitoyo, yogwira pankhope, yosinthidwa pa nthawi yake, yolipiridwa ndi wolemba ntchito. Atsogoleri a magulu, ndikupemphani kuti pamsonkhano wanu wotsatira aliyense adzabweretse masiki imene amavala ndi zithunzi za mankhwala amene amagwira, kuti tidzaziyerekeze pamodzi n'kulemba kalata imodzi pa famu iliyonse.

 Wapampando, ndabweza mpando kuti tilandire mafunso.